Yankho kwa alamu pa za mashrimp a m'thanki

Eya alamu, ndamva funso lanu lija, loti muyambire pati kuweta mashrimp a m'madzi opanda mchere mpaka aziswana.

Musagule kaye mashrimpwo, ndikunenetsa. Yambani ndi thanki ya malita 20 kapena kuposa, mchenga, zomera ngati java moss, ndi fyuluta ya siponji, chifukwa mafyuluta enawa amameza tiana. Thirani madzi, yatsani fyuluta, muziponyamo kachakudya pang'ono kaziwola, ndiye mudikire milungu 4 mpaka 6. Apa m'pamene ambiri amatopa. Koma m'nthawi imeneyi mabakiteriya amakhazikika mu siponji muja, ndipo ndi amene amasandutsa ammonia, poizoni wochokera ku chakudya chowola ndi ndowe, kukhala nitrite, yemwenso ndi poizoni, kenako nitrate, yemwe saopsa kwambiri. Mukayeza madzi n'kupeza kuti ammonia ndi nitrite sizinafike pa 0, thankiyo ikadali poizoni. Komanso thanki ikakhalitsa pamiyala ndi pamasamba pamagwira kandere koterera, ndipo tiana tikangobadwa timadya komweko.

Mtundu woyambira tengani Neocaridina davidi, ofiira aja amati cherry, kwawo ndi ku Taiwan ndi ku China. Ngopirira, amakhala bwino pa pH (muyeso wa asidi m'madzi) ya 6.5 mpaka 8, kutentha madigiri 22 mpaka 26. Amtundu wa crystal red asiyeni kaye, amafuna madzi ofewa a asidi pang'ono. Amtundu wa Amano ndi akatswiri pakudya ndere, koma musayembekezere ana, mphutsi zawo zimakulira m'madzi amchere. Gulani ngati 10 amtundu umodzi kuti pakhale aamuna ndi aakazi. Mukasakaniza ofiira, achikasu ndi abuluu, adzukulu awo amabwerera ku bulawuni.

Mukabwera nawo musawakhuthulire m'thanki nthawi imodzi. Muzidonthezera madzi a m'thanki m'chidebe chawo kwa ola limodzi kapena awiri. Chimene chimawapha kwambiri ndi madzi kusintha mwadzidzidzi, ndiye posinthanso madzi chotsani pang'ono, malita 2 kapena 3 pa mlungu, ndipo atsopanowo akhale ochotsedwa klorini. Mankhwala alionse okhala ndi kopa (mkuwa) asayandikire, ngakhale a nsomba.

Tsiku lina mudzaona kachigoba koyera pansi, musadandaule kuti shrimp yafa, yangofundula. Kasiyeni, amakadya kuti abweze kasiyamu. Ndipotu yaikazi ikangofundula m'pamene imakwerana ndi yaimuna, kenako imanyamula mazira 20 kapena 30 kunsi kwa mchira, ikuwakupizira, pafupifupi mwezi. Tiana timatuluka tili kale ngati amayi awo, kungoti n'tating'ono zedi. N'chifukwa chake nsomba ndikanakonda musaikemo, zimatitola.

Kudyetsa, kawiri kapena katatu pa mlungu basi, zotsala muzichotsa. Mukathira madzi mundiuze, ndipo muyezenso pH ya madzi a pampopi panu munditumizire.