Funsani Akadaulo: Kuchoka pa galimoto kupita pa pampu

FUNSO: Kwa zaka zisanu ndakhala ndikuitanitsa galimoto ku Japan. Zimatsikira ku Dar es Salaam, n'kulowera pa Songwe, ine n'kumagulitsa kuno ku Lilongwe. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, galimoto ikumatha miyezi inayi osapeza wogula. Ndikuganiza zoika mpamba wanga pa malo omwetsera mafuta. Ndiyambire pati? — Bambo wa ku Area 25

YANKHO: Bambo, musanayambe kufunafuna malo, dziwani kuti malonda awiriwa ndi osiyana mtima. Pa galimoto mtengo mumaika nokha, ndipo imodzi ikagulidwa bwino imakwirira zina zimene zagona. Pa mafuta mtengo wa pa pampu amalengeza ndi a MERA, bungwe la boma loyang'anira za mafuta ndi magetsi, ndipo gawo lanu pa lita iliyonse amaliikiratu mkati mwa mtengowo. Simungakweze, simungakambirane ndi kasitomala. Phindu lanu ndi kuchuluka kwa malita, basi.

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kumanga nokha: malo okhala ndi zikalata, mapulani ovomerezedwa ndi khonsolo ya mzinda wa Lilongwe, chilolezo cha za chilengedwe kuchokera ku bungwe la MEPA, kenako chilolezo cha MERA musanakumbe dzenje la thanki, ndi chiphaso china chogulitsira. A MBS, bungwe loona za miyezo, nawo amabwera kudzayeza mapampu n'kuwamata chidindo. Yachiwiri ndi kuyendetsa siteshoni ya kampani monga Puma, TotalEnergies kapena Petroda ngati dila wawo. Kwa munthu wochokera ku galimoto, ife tikuona kuti yachiwiriyi ndiye yanzeru, chifukwa mathanki ndi mapampu ndi awo, inu mumabweretsa ndalama yogulira mafuta ndi kulipira antchito. Koma ndalamayo si yochepa. Tanker imodzi imanyamula malita opitirira 30,000, ndipo kawirikawiri mumalipira mafuta asanatsike. Chulukitsani nokha ndi mtengo walero.

Tsono pamene ambiri amagwera ndi pa kuwerenga. M'mawa uliwonse, pampu isanayambe, thanki iliyonse iyezedwe ndi ndodo yoyezera, imene anyamata amangoti dipu. Mwachitsanzo, mwadzuka ndi malita 12,000 a petulo, masana atsitsa 10,000, mamita a pampu akuonetsa kuti mwagulitsa 6,500. Mawa m'mawa ndodo ikuyenera kuonetsa 15,500. Ikaonetsa 15,300, malita 200 apita, ndipo phindu la tsikulo lapita nawo. Petulo amauluka pang'ono, makamaka kukatentha mu Okutobala, choncho kusiyana kochepa n'kosadabwitsa. Kukapitirira theka la lita pa malita 100 alionse, ndipo tsiku lililonse n'kumapendekera mbali imodzi, pali vuto: paipi ikudontha pansi, pampu ikupereka mopyola muyezo, kapena wina akudya. Pampu iyeseni ndi chitini choyezera cha malita 20. Ikakhala bwino, yang'anani mapaipi ndi anthu.

Tanker ikafika mukhalepo nokha kapena munthu amene mumamukhulupirira zedi. Onani kuti manambala a zidindo za pa zitseko akufanana ndi a pa chikalata. Ipumitseni kaye kanthawi kuti mafuta akhazikike, ndiye muyeze chipinda chilichonse cha tankeryo. Yezaninso thanki yanu asanatsitse ndi atatsitsa. Ndipo payipi iliyonse muitsate ndi maso kuchokera ku tanker mpaka pakamwa pa thanki, chifukwa dizilo akalowa m'thanki ya petulo, thanki yonse iyenera kupopedwa, osanena za galimoto zimene zamwa kale.

Madzi ndi mdani wina. Petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol amakoka madzi. Madzi akachuluka, amatsikira pansi pamodzi ndi ethanol uja, pomwe pali payipi yokokera mafuta. Galimoto imamwa, n'kukazimira pa maloboti. Pakani pansonga ya ndodo mankhwala aja osintha mtundu akakhudza madzi, tsiku lililonse m'dzinja, ndipo onetsetsani kuti zivindikiro za mathanki sizikulowetsa madzi a mvula.

Za ngongole tinene mwachidule: kampani ya mathiraki ikamwa dizilo mwezi wathunthu osalipira, tanker yotsatira mugula ndi chiyani? Wofuna akaunti aziyamba waika ndalama.

FUNSO: Mafuta akasowa, eni masiteshoni ndiye amalemera, si choncho? — Mayi wa ku Kawale

YANKHO: Ayi mayi. Mzere ukafika kutali, malita amene akanagulitsidwa sabata yonse amatha tsiku limodzi pa mtengo womwewo, kenako mapampu amakhala duu masiku angapo pamene malipiro, magetsi ndi alonda zikuwerengabe. Amene amapeza ndi a zigubu m'mbali mwa msewu. Mwini siteshoni akagwidwa akudzazira zigubu zopanda chilolezo kapena kubisa mafuta, a MERA ali ndi mphamvu zomulipitsa chindapusa kapena kutseka malowo. N'chifukwa chake madila ochenjera amakhalanso ndi kashopu, malo osinthira oyilo ndi otsukira galimoto. Bambo a ku Area 25 aja, popeza galimoto amazidziwa kale, mbali imeneyi asaipereke kwa munthu wina.