Kodi aganyu a ku Mexico amapinduladi m'minda ya ku America ndi Canada?

Mayi wina wanditumizira imelo. Akuti: "Mwana wanga akufuna kupita kunja kukagwira ntchito ya kumunda. Ndamva kuti anthu a ku Mexico adayamba kalekale zimenezi. Kodi amapinduladi?"

Mayi, ndalama amapeza ndithu, ndisakunamizeni. Bambo akatha miyezi isanu ndi itatu akuthyola tomato ku Leamington, m'chigawo cha Ontario, amabwerera kwawo n'kukhoma malata, ana n'kuwalipirira fizi. Canada idayamba kulandira anthu a ku Mexico mu 1974. Ku America amalowa ndi viza ya H-2A, ya aganyu a kumunda, ndipo lamulo limati bwana awapatse pogona ulere.

Koma pali chimene chimandiwawa mumtima. Vizayo imamangidwa pa bwana mmodzi. Akakuchotsa ntchito, nthawi zambiri ndiye kuti longedza uzipita. Ku Canada ndiye mlimi amatchula yekha mayina a anthu amene akufuna kuti adzabwerenso chaka chamawa. Tsono taganizani, munthu msana uli waa, maso akuyabwa ndi mankhwala opopera, usiku akugona mothithikana pa mabedi osanjikiza, koma kapitawo akamufunsa amangoti zonse zili bwino. Akudziwa kuti akatsegula pakamwa dzina lake silidzatulukanso, ndipo kumudzi ana akudikira.

Nkhanza zake si zalero. Kuyambira 1942 mpaka 1964 kudali pulogalamu ya Bracero yotengera aganyu a ku Mexico kupita ku America, momwe mudasainidwa makontrakiti oposa 4 miliyoni. Pachipata ankawavula n'kuwapopera mankhwala ophera tizilombo a DDT ngati ng'ombe kudibi. M'zaka zoyambirira ankawadula 10 peresenti ya malipiro, ati akailandira kwawo. Ambiri sadaione. Boma la Mexico lidadzalonjeza mapeso 38,000 kwa aliyense cha m'ma 2005, eni ake ena ali kumanda. Ndikamawerenga zimenezi ndimakumbukira agogo athu a ku Theba amene akalamba akudikira ndalama zawo za ku migodi.

Sindikuti mumuletse mwanayo, mayi. Koma asananyamuke, kontrakiti aiwerenge yekha, adziwe wolipira ndege ndani, ndipo akadwala zikhala bwanji. Afunse ngati angasinthe bwana zinthu zikavuta. Wina akati alipire kaye kuti amupezere malo, achenjere: pa H-2A lamulo limaletsa, komabe ambiri a ku Mexico amafika pamunda ali kale m'ngongole ya katapila chifukwa cha madobadoba oterewa. Ndipo pasipoti asapereke kwa bwana kuti amusungire, izikhala m'thumba mwake.