Timagetsi ta ku Nchalo ndi agogo aja a masau

Achimwene ena a ku Nchalo anditumizira imelo. Akuti usiku wina ali pakhonde anaona timagetsi tambiri titandandalika mzere umodzi kumwamba, tikuyenda mwakachetechete, ndiye akufunsa ngati asilikali amamvera munthu akakanena zoterezi. Achimwene, kalata yanu ndaiwerenga katatu, yandikumbutsa kutali.

Ine ndinakulira cha ku Marka, nkhondo ya ku Mozambique isanathe. Kutentha kwa Okutobala kuchigwa kuno mukukudziwa, m'nyumba simugoneka. Tinkayala mphasa pabwalo, maso ali kumwamba, udzudzu ukutidya. Usiku wina kunadutsa chinthu chowala ngati muuni, chamchira wautali, n'kukazimira cha kudambo. Mudzi wonse unachiona. M'mamawa bambo anga anapalasa njinga kukanena ku ofesi ina ya boma, poopa kuti mwina ndi chida cha nkhondo. Kumeneko anawaseka, n'kuwafunsa ngati anagonera kachasu. Palibe anagwira cholembera.

Pasanathe masiku atatu mudzi unali utapeza kale yankho lake. Ati linali lichero la agogo ena amasiye a kumapeto kwa mudzi, lagwa pochokera kokatamba. Anawagwetsera nyumba. Agogo amenewo ndi amene ankatigawira masau tikamachokera kusukulu. Anachoka ndi kamtolo pamutu, ndipo sitinawaonenso. Mpaka lero ndimati munthu wa ku ofesi uja akanangolemba, n'kutumiza wina kudzauza amfumu kuti chinali mwala wochokera kumwamba, agogo aja akanafera m'nyumba mwawo. Miyala yotere imagwadi. Wina unagwa ku Machinga mu 1981, wolemera makilogalamu oposa 90.

Kunja zimayenda bwanji? Ku America asilikali a nkhondo ya mumlengalenga anali ndi ntchito yofufuza zinthu zachilendo zooneka kumwamba yotchedwa Project Blue Book, ku Wright-Patterson m'chigawo cha Ohio. Poitseka mu 1969 anali atasonkhanitsa malipoti 12,618, ndipo 701 okha ndi amene anatsala osadziwika. Ambiri mwa enawo anapezeka kuti zinali ndege, zibaluni, nyenyezi ndi zina zodziwika. Ku Britain, Unduna wa Zachitetezo unali ndi desiki yake yolandira malipoti a anthu wamba, koma anaitseka mu 2009 ponena kuti pa zaka zoposa 50 palibe lipoti limene linasonyeza chiopsezo ku dziko lawo. Mafayilo anawapereka ku National Archives, kosungirako zikalata za boma, kuti aliyense awerenge. Mu 2022 America inatsegulanso ofesi ina, AARO, imene mu 2024 inanena kuti sinapeze umboni wa zida zochokera kunja kwa dziko lapansi.

Apa pali chinthu chimene anthu sachimvetsa. Msilikali funso lake ndi limodzi: kodi chinthucho ndi cha mdani? Akaona kuti ayi, amatseka fayilo. Mantha anu si ntchito yake. Koma akaona kuti inde, sachedwa. Chibaluni cha ku China chimene chinauluka pamwamba pa dziko la America, asilikali akumeneko anachiwombera ndi ndege yankhondo mu Febuluwale 2023.

Poyamba ndinkati a ku Britain anachita bwino kusiya kutaya ndalama. Kwa iwo mwina. Kwathu kuno ayi, ndikukana. Ku London munthu akaona chowala boma n'kukhala chete, nkhaniyo imathera mu nyuzipepala. Kuno imathera pakhomo pa nkhalamba. Tinaona mu 2017 mphekesera za anamapopa zitafala kumwera kuno, anthu anaphedwa popanda mlandu. Ndipo kumwamba kwathu kwadzaza tsopano kuposa nthawi ya ubwana wanga. Madroni, tindege topanda munthu mkati, anayamba kuyesedwa ku Kasungu mu 2017, ndipo madzi akasefukira amauluka kujambula midzi yomira. Ndani amapita kwa amfumu kukafotokoza zimenezi zisanauluke? Sindikupempha ofesi ya nsanjika. Ndikupempha kaundula, cholembera, ndi munthu wobwera ndi yankho.

Nanga inu mutani?

Zimene mwafotokozazo zikufanana kwambiri ndi masetilaiti a Starlink, makina opereka intaneti amene amazungulira dziko lapansi ali mumlengalenga. Akangowaponya kumene amayenda mondondozana, ndipo amawala chifukwa cha dzuwa, makamaka kukangoda kapena m'bandakucha, kenako amabalalika. Lembani tsiku, nthawi, kumene anachokera ndi kumene analowera. Chikakhala chotsika, chaphokoso, kapena chagwa pansi, musachigwire, kaneneni kupolisi yapafupi ndipo muumirire kuti alembe. Koma musanapite kulikonse, pitani kwa amfumu ndi anansi anu mukawauze za masetilaitiwa lero lomwe. Tsiku ndi nthawiyo munditumizirenso, tifufuze limodzi.