Yankho: Kodi makolo a Abraham Lincoln anachokeradi kumudzi wa ku England?

Akulu anga, mwafunsa ngati zili zoona kuti banja la Abraham Lincoln, pulezidenti wakale wa dziko la America, linachokera kumudzi wa ku England, komanso kuti anthu anazitulukira bwanji. Ndi zoonadi, ndipo mudziwo ndi Hingham, m'chigawo cha Norfolk.

Kaundula wa tchalitchi cha St Andrew kumeneko amasonyeza kuti mwana wina dzina lake Samuel Lincoln anabatizidwa m'chaka cha 1622. Atasinkhuka anakaphunzira kuwomba nsalu kwa Francis Lawes mumzinda wa Norwich, ndipo mu 1637 anawoloka nyanja pamodzi ndi bwana wakeyo, n'kukakhazikika ku Massachusetts, ku America, pamudzi umene anthu akwawo anali atautcha kale Hingham pokumbukira kumene anachokera. Zidzukulu zake sizinakhale pamodzi: zinasamukira ku New Jersey, Pennsylvania, Virginia, kenako Kentucky, kumene Abraham anabadwira mu 1809.

Komabe pali mfundo imodzi imene imandichititsa chidwi. Pachikalata cha ulendo wake Samuel analembedwa kuti anali ndi zaka 18, pamene kaundula wa ubatizo akusonyeza kuti anali asanapitirire 15. Ena amati anakuza zaka dala kuti aloledwe kukwera chombo, ndipo ineyo ndimaona kuti maganizo amenewa ndi omveka, ngakhale kuti kusiyanaku kumapatsa ofufuza chifukwa chokayikira.

Ofufuza amadalira makaundula a matchalitchi chifukwa anayamba kulembedwa mu 1538, pamene boma linayamba kulemba obadwa ndi omwalira ku England mu 1837.