Andiuza kuti ndiwerenge ma "eee" a akuluakulu: kodi si mwano?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina amene wangoyamba kumene kupita ku kalabu ya Toastmasters, gulu limene anthu amaphunziramo kulankhula pagulu. Wapitako kawiri, ndipo amuuza kuti pa msonkhano wachitatu adzakhale Ah-Counter, wowerenga ma "eee" a olankhula. Iye analemba kuti: "Ine ndinalowa kuti ndiphunzire kulankhula pagulu, osati kuwerenga zophonya za anthu. M'gulumo muli abambo ena amsinkhu wa bambo anga. Ndidzaimirire pamaso pa anthu n'kunena kuti iwo anati 'eee' ka 12? Si mwano umenewo? Nanga maudindo ena onse aja ndi achiyani?"

Achemwali, ntchitoyo musaikane. Nkhawa yanu ndikuimvetsa, chifukwa tonse tinaleredwa kuti wamkulu akamalankhula mwana amakhala chete, ndipo ndi mwambo wabwino. Koma abambo mukuwanenawo anasiya zochita zawo, nalipira ndalama ya umembala, kuti wina awauze zimene makutu awo sakumva. Munthu sadzimva yekha akamati "eee". Mukawabisira poopa kuwalakwira, ndiye kuti abwerera kwawo chimanjamanja.

Gululi anayambitsa ndi Ralph Smedley mu 1924 ku Santa Ana, California, ku America, pa YMCA (bungwe la achinyamata achikhristu), ndipo msonkhano wake unakonzedwa mwadala kuti pasakhale mphunzitsi mmodzi woima kutsogolo. Maudindo amasinthana. Amene lero akuwerengedwa ma "eee", msonkhano wotsatira ndiye adzagwire cholembera kukuwerengerani inu.

Ntchito yanu ndi iyi. Msonkhano ukamayamba, adzakupatsani mpata woti mufotokoze mwachidule zimene muchite. Kenako mukhala ndi pepala, mayina a olankhula m'munsi mwa linzake, n'kumaika kamzere nthawi iliyonse wina akatulutsa mawu ongodzaza mpata: "ah", "um", "you know", "so", kapena kubwereza liwu limodzi kawiri. Makalabu ambiri amachita misonkhano m'Chingerezi, koma ife tili nawo athu amene amatitsata ngakhale tisinthe chilankhulo: "ujeni", "basi", "ndiye kuti", "mwaonatu eti". Amenewonso alembeni. Pamapeto mupereka lipoti la mphindi imodzi kapena kuchepera. Ulemu wanu uonekere m'kalankhulidwe: "Abambo akutiakuti, ndamva 'eee' ka 12, makamaka pamene mumachoka pa mfundo ina kupita pa ina." Mawu omalizawo ndiwo othandiza kwambiri, chifukwa akuwasonyeza pamene pali dzenje. Musaseke, musapepese, musawonjezere ndemanga.

Ine nditagwira ntchitoyi koyamba ndinazindikira kuti ndinali ndisanamvetserepo munthu mpaka mapeto a chiganizo. Ndinkangodikira nthawi yanga yoyankha. Tsiku limenelo ndinaona mayi wina akufika pamene liwu linamuthawa. Anatseka pakamwa, napuma masekondi awiri kapena atatu, akutiyang'ana, kenako n'kupitiriza. Pa dzina lake sindinaike kamzere ngakhale kamodzi. Ndinaphunzira pomwepo kuti chete wa kanthawi kochepa saopsa omvera, amangoopsa wolankhula yekha.

Tsopano maudindo enawo. Woyendetsa msonkhano wonse amamutcha Toastmaster of the Day. Ali ngati mkulu wa mwambo pa ukwati: amaitana olankhula, kuwalandira, n'kulumikiza gawo ndi gawo. Woyendetsa wabwino amakhala atafunsa kale wolankhula aliyense mutu wa nkhani yake ndi katchulidwe ka dzina lake. Msonkhano usanayambe, Sergeant at Arms amakhala atakonza mipando, kulandira alendo pakhomo ndi kuona kuti zipangizo zilipo. Grammarian amabwera ndi liwu la tsikulo, kulilemba poonekera, n'kumamvetsera amene aligwiritsa ntchito, komanso ziganizo zokoma ndi zokhota.

Wosunga nthawi ndiye mnansi wanu, ndipo mwina ndi udindo umene adzakupatseni mukatha uwu. Amakhala ndi wotchi ya pa foni ndi makadi atatu kapena magetsi: obiriwira, achikasu ndi ofiira. Nkhani zambiri zokonzeratu zimatenga mphindi 5 mpaka 7. Pa mphindi 5 amakweza lobiriwira, pa 6 lachikasu, pa 7 lofiira. Nkhani yoyamba ya membala watsopano, Ice Breaker, imene mudzadzifotokozere nokha, ndi ya mphindi 4 mpaka 6. Khadilo muligwire m'mwamba mpaka wolankhula alione, osati kulivundumula n'kulibweza patebulo. Amene tinakhalapo pa maliro kapena pa msonkhano wa mudzi pamene munthu amati "sindichulutsa gaga m'diwa" n'kulankhula theka la ola, tikudziwa kufunika kwa khadi lofiira lija.

Gawo limene atsopano ambiri amaliopa ndi Table Topics. Woliyendetsa amabwera ndi mafunso, n'kuitana munthu aliyense kuti ayankhe pompo, mphindi 1 mpaka 2, osakonzekera. Ngati mudzayendetse gawoli, musadzafune kugwira anthu pakhosi ndi mafunso ovuta. Funsani zimene aliyense angayankhe, monga chakudya chimene amachikumbuka cha kwa agogo ake, ndipo muyambe ndi amene alibe udindo wina tsikulo kuti aliyense amveke mawu.

Udindo wolemera kuposa onse, m'kuona kwanga, ndi wa wounika nkhani ya mnzake. Ali ndi mphindi 2 mpaka 3 zokha zoti anene chimene chayenda bwino, chimodzi kapena ziwiri zoti zikonzedwe, ndi momwe zingakonzedwere. Apa pali mayesero awiri. Wina amangoyamikira, "zinali bwino kwambiri, pitirizani", ndipo wolankhula satolapo kanthu. Wina amatola chilichonse mpaka mnzake osabweranso. Ndinaonapo mnyamata wina akuunika nkhani ya mkulu wa kuntchito kwake. Anati, "Bwana, nkhani ya ng'ombe ija munatigwira nayo mtima, koma munaikamba mukuyang'ana pazenera. Mukadatiyang'ana ife." Mkuluyo anangogwedeza mutu n'kulemba. Pamwamba pa ounika onsewa pali General Evaluator, amene amaunika ounikawo ndi msonkhano wonse, kuyambira nthawi imene wayambira. Inunso adzakunenani, choncho konzekani kumva za lipoti lanu.

Musanapite, lankhulani ndi Vice President Education wa kalabu yanu, amene amagawa maudindo ndi kutsata momwe membala aliyense akupitira patsogolo. Mufunseni ngati kalabu yanu imatchula chiwerengero cha munthu aliyense poyera kapena ayi, chifukwa makalabu amasiyana, ndipo mlendo wobwera koyamba ambiri samuwerengera. Mumupemphenso kuti akulembereni tsiku la Ice Breaker yanu. Pa tsiku lowerenga ma "eee" mutenge zolembera ziwiri, ndipo mukhale pamalo pamene mukuona nkhope ya wolankhula.