Kapepala ka ngongole ka mu Epulo 1959: kodi adzukulu abweze?

Mayi wina watilembera kuti pokonza sutikesi ya malemu agogo ake aamuna wapeza kapepala ka mu Epulo 1959. Pakapepalapo palembedwa "£7 10s" (mapaundi 7 ndi mashilingi 10), dzina la telala wina wa ku Limbe amene ankangodziwana ndi agogowo, ndi chidindo cha chala. Akuti nthawiyo agogo anali m'ndende ku Kanjedza. Akufunsa ngati ngongoleyi ikadalipo, komanso kuti angabweze zingati kwa ana a telalayo.

Mayi, yambani ndi tsikulo. Pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa Robert Armitage analengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti, naletsa chipani cha Nyasaland African Congress chimene chinkakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Dr Banda anawatengera ku ndende ya Gwelo, ena ku Khami kufupi ndi Bulawayo, ambiri ku Kanjedza. Anthu oposa 1,000 anatsekeredwa osazengedwa mlandu. Ndiye ngati agogo anu anali m'kati mu Epulo, chala chili pakapepalapo mwina si chawo. Nthawi zambiri wokatenga ndalama anali mkazi wotsala ndi ana, kapena m'bale wa womangidwayo. Malipiro anali ataima, sukulu ikufuna fizi, ndipo m'madera ena boma linalipiritsa chindapusa mudzi wonse. Mabanki a Barclays ndi Standard sanali malo oti mkazi wa munthu wa Congress akapempheko ngongole. Kotsala kunali kwa telala, wagolosale kapena munthu wobwera kumene ku Wenela, ku migodi ya ku South Africa.

Musadabwe ngati palibe dzina la mboni. Masiku abwino ngongole yotere inkaperekedwa pamaso pa nyakwawa kapena mkulu wa mpingo. M'miyezi imeneyo wothandiza banja la womangidwa ankaopa kunenezedwa ku boma kuti nayenso ndi wa chipani, choncho zinthu zinkachitika mwakachetechete. Telalayo anaika moyo wake pachiswe, ndipo zimenezi muzikumbukire pamene mukuwerengera.

Koma chachikulu ndi ichi: kapepalako mwakapeza kwa ndani? Pepala la ngongole amasunga ndi wobwereketsa, chifukwa ndiye mboni yake. Wobwereka akamaliza kulipira ndi pamene amalandira pepalalo. Kupezeka kwake m'sutikesi ya agogo anu kukusonyeza kuti mwina ngongoleyi inatha kalekale, ndipo anakasunga ngati lisiti. Katembenuzeni, muone ngati kuseri kuli timanambala ta pensulo monga 10s, 15s, £1. Anthu ankabweza pang'onopang'ono, mwezi ukatha kapena akagulitsa fodya ndi mtedza. Muonenso ngati pali mzere wodula mawuwo kapena pangodya pong'ambidwa dala. Kenako funsani akuluakulu otsala za chikole. Ngati njinga, makina osokera a Singer kapena mbuzi zinapita kwa telalayo osabwerera, ngongoleyo inadya chikolecho ndipo nkhani inathera pomwepo. Funsani mbali zonse ziwiri za banja padera, chifukwa achemwali a agogo aakazi amadziwa zimene ana aamuna sanauzidwe.

Tsopano masamu. Paundi imodzi inali mashilingi 20, shilingi imodzi makobiri 12. £7 10s ndi mashilingi 150. Kwacha itayamba mu 1971, paundi imodzi inasinthidwa ndi K2, shilingi ndi 10 tambala. Pamenepo ngongoleyo ndi K15. Apa ndi pamene anthu amalakwitsa mbali ziwiri. Wina amapita ndi K15 yeniyeniyo, zimene ndi kunyoza, chifukwa lero sigula ngakhale bokosi la machesi. Wina amaika chiwongoladzanja cha chaka ndi chaka kuchokera 1959 ngati katapila, napeza chiwerengero choti banja lingagulitse nyumba. Ngati pakapepalapo sanalembe chiwongoladzanja, musachiike inu. Njira yabwino ndi kufunsa chimene ndalamayo inagula. Ngati inali fizi ya mwana ya chaka, bwezani fizi ya chaka pa sukulu yofanana nayo lero. Ngati inagula matumba a chimanga, bwezani matumba omwewo, pokumbukira kuti thumba la nthawi imeneyo linali la mapaundi 200 kulemera kwake, pafupifupi makilogalamu 90, osati la 50 la masiku ano.

Pa malamulo palibe chokukakamizani. Ngongole ya mgwirizano wamba ili ndi zaka 6 zokasumira, ndipo ngongole ya malemu imachotsedwa pa chuma chamasiye, osati m'thumba la mdzukulu. N'chifukwa chake sitikulangizani kulemba kalata kapena uthenga wa pa WhatsApp wolonjeza kubweza musanafufuze. Lonjezo lolembedwa limadzutsa mkangano umene kunalibe, makamaka ana a telalayo akakhala ambiri ndipo aliyense akuona kuti ndiye woyenera kulandira.

Ngati mwafufuza n'kupeza kuti sinabwezedwedi, kapena mtima wanu sukukhazikika poti mlandu suola, musapite nokha. Tumani amalume kapena mwini mbumba akaonane ndi wamkulu wa banja linalo, afotokoze kaye za kapepalako osatchula ndalama. Mabanja awiriwo agwirizane chimene chiperekedwe ndi amene alandire, pakhale mboni imodzi mbali iliyonse, ndipo mulembe mapepala awiri ofanana onena kuti nkhani ya 1959 yatsekedwa. Mwina adzakana kulandira. Pamenepo mbuzi kapena nsalu ya mayi wamkulu wa pakhomopo imakwanira, ndipo muitchule kuti ndi kuthokoza, osati kubweza.

Kapepala kenikeniko musakapereke. Kajambuleni mbali zonse, mukasunge m'envulopu youma, osakamata ndi selotepi kapena kukapaka pulasitiki yotentha, chifukwa inki yakale imawonongeka. Mukafuna kudziwa tsiku limene agogo analowa ndi kutuluka ku Kanjedza, pitani ku National Archives ku Zomba ndi mayina awo onse, mudzi, mfumu ndi boma lakwawo, pakuti makalaliki a atsamunda ankalemba dzina limodzi mosiyanasiyana.