Galasi lakumbuyo la galimoto ya Yamikani

Eee, moni nonse pagulupu pano. Achemwali, mwaswera bwanji ku Nsipe uko? Ndine malume wake wa Yamikani, ndili kuno ku Dedza. Kulemba sinditha lero, zala zauma ndi chisanu, ndiye mungomvera mawu.

Yamikani, uthenga wako ndaumvera kawiri. Wati Toyota 86 yako ija unaiimika pansi pa mtengo wa mango kwa agogo ako, ana amasaka mbalame ndi legeni, mwala n'kukatera pa galasi lakumbuyo, lonse waa! Ndiye ukufunsa kuti ligulidwa kuti, pa ndalama zingati, komanso ngati a inshuwalansi angalipire. Wanenanso kuti pa boma pa Ntcheu pali mnyamata amene akuti akudulira galasi lina n'kulimata mawa lomwe pa K180,000.

Ndiyambire pa mnyamatayo, poti m'pamene mtima wanga wagunda. Usamupatse ngakhale tambala imodzi. Sindikuti ndi wakuba ayi, mwina mawindo a nyumba amawatha bwino kwambiri. Koma galasi lakumbuyo kwa galimoto silidulidwa, wamva? Lakutsogolo lija, windisikirini, ndi magalasi awiri omatidwa pamodzi, pakati pali kapulasitiki kopyapyala. N'chifukwa chake mwala ukaligenda limangochita ming'alu ngati ukonde wa kangaude koma osagwa. Lakumbuyo ndi limodzi lokha. Ku fakitale amayamba alidula, n'kuliwotcha kupitirira madigiri 600, kulipinda molingana ndi galimotoyo, kenako n'kuliziziritsa mwadzidzidzi ndi mphepo. Kunja kumauma msanga, mkati n'kutsala mokokana. Limalimba zedi, koma likangolasidwa, makamaka m'mphepete, lonse limayoyoka ngati mphale. Si zimene wazionazo? Anachitira dala, kuti pa ngozi lisacheke anthu.

Ndiye galasi lowotchedwa kale ukangoligusa ndi chodulira, laphulika pomwepo. Amene akuti akudulirayo akudulira la pawindo la nyumba, apo ayi pulasitiki yolimba ija. La nyumba likasweka limatuluka mipeni yeniyeni, ndipo m'kagalimoto kako aka mutu wa munthu wokhala kumbuyo uli pansi penipeni pa galasilo. Komanso lako ndi lopindika, logona chagada. Lafulati lidzakhala bwanji pamenepo? Adzangodzaza silikoni m'mipata basi.

China chimene mnyamatayo sangakupatse ndi timizere tofiirira tija timene tinali pa galasi lakalelo. Si tokongoletsera. Ndi hita, timatentha kuti nthunzi ichoke. Inu a ku Lilongwe mumatiiwala, koma tadzadutsa pa Bembeke m'mamawa mwezi wa June kapena July, nkhungu ili tolo, mkati magalasi achita thukuta. Dedza ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,600, chisanu chake sichiseka ndi munthu. Popanda hita imeneyo kumbuyo suona kanthu, ndipo mathiraki a pa M1 sadikira kuti upukute ndi kansalu.

Tsopano za inshuwalansi, ndipo izi uchite lero lomwe usanagule chilichonse. Jambula zithunzi galimoto ili pomwepo, chapatali kuti nambala ioneke, chapafupi, ndi mkati momwe mwagwera magalasimo. Ngati agogo ako asesa kale, aaa, basi, jambula zotsalazo. Ukatero yang'ana pepala lako la inshuwalansi. Ngati palembedwa third party, ingopuma, palibe chako. Imeneyo ndi imene lamulo la pamsewu limakakamiza aliyense, ndipo ntchito yake ndi kulipira anthu ena amene iwe wawapweteka kapena kuwawonongera katundu. Galasi lako sililowamo. Anthu ambiri amangoona disiki pa windisikirini n'kumati ndili ndi inshuwalansi, osadziwa kuti anagulira anzawo.

Ngati ndi comprehensive, imene imalipiranso galimoto yako yomwe ikawonongeka, m'pamene pali nkhani. Tsegula policy yako, ndikunena chikalata chija anakupatsa polipira, osati apolisi, achemwali musadzidzimuke. Fufuza pamene alemba za magalasi. Makampani ambiri amaika gawo lapadera la magalasi, lokhala ndi malire ake a ndalama. Uwafunse mosapita m'mbali: gawo limeneli ndi la windisikirini yokha, kapena ndi magalasi onse, lakumbuyo lomwe? Malire ake ndi zingati? Excess ndi zingati, kutanthauza ndalama imene iwe umatulutsa m'thumba mwako iwo asanayambe kulipira? Nanga ndikapempha kuti mulipire, kuchotsera kuja kumene mumandichotsera chifukwa chosachita ngozi kutha kapena kukhalapobe? Akuyankhe polemba, ngakhale pa WhatsApp pomwepa, osangoti pakamwa.

Ndikupatse chitsanzo cha masamu, manambalawa ndikungoyerekeza. Tinene kuti zonse pamodzi zakwana K900,000, koma malire a magalasi mu policy yako ndi K300,000. Ndiye kuti K600,000 ndi yako. Mwina angakuuze kuti uidutsitse ngati kuwonongeka kwa galimoto, osati ngati galasi chabe. Pamenepo malire aja palibe, koma excess imakhala yokulirapo ndipo chaka chamawa ukhoza kulipira zambiri. Ukhale pansi ndi cholembera, uwerenge njira zonse ziwiri.

Palinso msampha wina umene wagwira anthu ambiri zaka zino. Galimoto yakoyo unailembetsa kuti ndi ya ndalama zingati? Ukumbuke kuti kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, dola n'kuchoka cha m'ma K1,180 kufika K1,700 ku banki. Mitengo ya magalimoto ndi zipangizo inakwera nayo limodzi. Ngati pepala lako likunenabe mtengo wakale, a inshuwalansi akhoza kunena kuti unalembetsa theka la galimoto, ndiye nafenso tilipira theka. Zimakhala zolembedwa m'timalemba ting'onoting'ono tija timene sitiwerenga. Uonenso ngati unamaliza kulipira ndalama ya chaka chino, poti ndimakudziwa iwe.

Dikira kaye... iwe, tatseka chitseko icho, mphepo! Pepani, ndi adzukulu awa.

Eya, ndimati uwadziwitse msanga. Mu policy muli masiku amene anaika kuti ukhale utanena, ukachedwa apeza pokanira. Ndipo usakonzetse asanakuloleze. Amafuna aone okha kapena atume munthu wawo woyesa zowonongeka, amafuna makoteshoni, kawirikawiri awiri kapena atatu, ndipo ena ali ndi magalaja awo amene amagwira nawo ntchito. Ukangomata kaye n'kupita ndi lisiti, udzayenda mpaka nsapato kutha. Akafuna lipoti la apolisi, pita pa polisi ya Ntcheu ukanene, ulipire, utenge lisiti la boma.

Pa fomupo ulembe zimene zinachitika: ana amasewera ndi legeni, mwala unaphonya mbalame. Basi. Ndamva wina pagulupu pano akuti unene kuti ndi akuba kapena kuti thiraki inathamangitsa mwala pamsewu. Ayi. Anthu aja magalasi osweka amawaona tsiku ndi tsiku, ndipo akakugwira bodza limodzi amakana zonse, mwinanso kukuthetsera policy. Akakakukanira popanda chifukwa chomveka pamene iwe wanena zoona, kodandaula kulipo, ku Reserve Bank, kwa Registrar of Financial Institutions, ndi amene amayang'anira makampani a inshuwalansi.

Achemwali, za mwana amene anagenda galasiyo ndikupempheni inuyo. Ndamva kuti kunali phokoso dzulo ndipo mayi ake afuna kugulitsa mbuzi. Mbuzi ziwiri sizigula galasi limeneli, mungowasaukitsa chabe, ndipo ndi anthu amene timakumana nawo pa maliro ndi pa zinkhoswe. Mwana alangizidwe, legeni alandidwe, zithere pomwepo. Tonsefe tinagendapo mbalame. Ine ndinaswapo botolo la nyali ya abambo, mukukumbuka inu.

Foni inadula, ndikupitiriza.

Kogula tsopano. Galimoto yakoyi si Sienta kapena Vitz, zimene magalasi ake ali mbwee ku Biwi ndi ku Ndirande. Ndinakuuza pogula paja kuti galimoto ya zitseko ziwiri, yosakwana ngakhale thumba limodzi la kachewere wa pa Lizulu, idzakuliza tsiku lina. Koma chabwino, ndi yokongola, ndavomera. Choyamba tenga nambala ya chasisi mu bulubuku. Yako iyamba ndi ZN6, ndiwo mtundu umene unayamba kutuluka mu 2012. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti galimoto imeneyi Toyota anapangira limodzi ndi Subaru, ndipo zonse zimatuluka mu fakitale ya Subaru ku Gunma, ku Japan. Subaru BRZ, imene nambala yake imayamba ndi ZC6, thupi lake ndi lomwelo, ndiye pofunsa uzitchula zonse ziwiri. Koma usasokoneze ndi GR86 yatsopano ija ya 2021, imeneyo ndi ZN8. Aliyense wogulitsa umupatse nambala ya chasisi, osangoti ndikufuna la 86.

Yamba wafunsa kwa adila a Toyota ku Lilongwe, akupatse koteshoni yolemba. Ngakhale itakhala yowawa, a inshuwalansi amailemekeza, ndipo ikupatsa poyambira. Koma ine maso anga ali ku Joni. Galimoto zimenezi zinagulitsidwa zatsopano ku South Africa, chiwongolero mbali yomweyi ngati kwathu kuno, ndiye makampani a magalasi ngati PG Glass amazidziwa. Mathiraki ochokera ku Johannesburg amadutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete, ena n'kulowera pa boda ya Dedza pompano. Ndili ndi anzanga amene ndinkayenda nawo msewu umenewo, ndikhoza kulankhula nawo. Pa mtengo wa galasilo uwonjezerepo bokosi lamatabwa, ya thiransipoti, msonkho wa MRA pa boda, labala ya m'mphepete ngati yakale yawonongeka, guluu, ndi ya mmisiri womata. Nthawi zina zowonjezerazi zimafanana ndi mtengo wa galasi lenilenilo. Ndipo poti zonse zimayendera randi ndi dola, koteshoni iliyonse ikhale ndi deti, ndipo ufunse kuti ikhala masiku angati isanasinthe.

Za sikirapu ndili nazo mantha, ndikuuze chifukwa. Chaka china ndinagula galasi lakumbuyo la galimoto yanga ija yoyera kwa anyamata ena ophwasula magalimoto ku Lilongwe. Lotchipa, ndinasangalala. Pochotsa anadula guluu ndi waya n'kulikanda pang'ono pakona, ine osaona. Ndinaligoneka chafulati kumbuyo kwa pikapu pa matumba, kufika pa Linthipe tagunda dzenje limodzi, phwaa! Ndinafika kunyumba ndi mphale ya galasi m'thumba, ndalama zitapita. Ndiye ukalipeza la sikirapu, yendetsa chala m'mphepete monse, pasakhale pobenthuka. Timizere ta hita atiyeze ndi mita yoyezera magetsi uli pomwepo, ndipo tizitsulo tiwiri tolumikizira mawaya tikhale tilipo. Pakona payenera kukhala chidindo, chilembo E m'kabwalo ndi 43R, kapena JIS ya ku Japan, ndi mawu akuti Tempered kapena Toughened. Ponyamula liziimirira, osaligoneka, litakutidwa ndi bulangete.

Womata naye umusankhe. Galasi limeneli silikhala m'labala ngati la Land Rover zakale, limamatidwa ku chitsulo ndi guluu wakuda wotchedwa urethane. Ukaona munthu watulutsa silikoni wa m'bafa, tenga makiyi uzipita. Mmisiri weniweni amadula guluu wakale n'kusiyako kochepa, pamene mpeni wakanda penti amapakapo primer kuti dzimbiri lisayambe, kenako n'kuika guluu watsopano mzere umodzi wosadukiza. Akasiya kampata, mvula ya January idzakupeza m'buti. Akamaliza, yatsa hita uone ngati ikugwira usanalipire. Guluu ameneyu amachedwa kuuma kukazizira, ndiye akamatira kuno kapena ku Ntcheu galimoto igone pomwepo usiku umodzi. Tsiku loyambalo usamenyetse zitseko, tsitsa pang'ono galasi lam'mbali kuti mpweya uzituluka, ndipo usathamange nayo pa mahampu. Kukatsukitsa ndi madzi amphamvu aja, dikira masiku awiri. Ukadzafuna tinti, auze asapale mkati ndi lezala, amadula timizere tija.

Pakadali pano, ukatha kujambula, vala magolovesi utole zidutswazo, makamaka m'mipando ndi mmene mumalowa malamba, ana asakhalemo kaye. Tseka ndi pepala la pulasitiki loonekera, umate ndi tepi ya pepala imene amagwiritsa opaka penti, chifukwa tepi ya makatoni ija dzuwa likaiwomba imasiya zomata pa penti. Kuchoka ku Ntcheu kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 160, yenda masana, pang'onopang'ono, magalasi am'mbali oonera kumbuyo onse awiri ali bwino, lipoti la apolisi lili pafupi poti pa rodibuloko akufunsa ndithu.

Unditumizire kuno ku inbox chithunzi cha policy, tsamba limene lili ndi manambala, ndi cha bulubuku. Ndikaziona ndiimbira mnzanga wa thiraki uja madzulo ano, amanyamuka ku Joni Lachisanu. Achemwali, mupereke moni kwa amayi, muwauze mbatata ija inafika. Batire yatsala 4 peresenti, ndaima kaye pamenepa.